Chaka Chimene Mlongo Wanga Anakhala Sitadu

Mlongo wanga wamng'ono ndi dotolo, koma musavutike kumupititsira mwana wodwala malungo. Ndi dotolo wa mafunde. Anthu a ku Msumba atamva zimenezi anakondwa, nati basi mudzi wapeza woti aziuza asodzi tsiku limene mwera uyambe. Anakondwa pachabe. Mafunde ake si a m'nyanja ayi, ndi aja osaoneka, onyamula mawu a pa foni ndi pa wailesi, ndipo ngakhale amenewo sawagwira ndi manja. Amangowayerekeza pa kompyuta, kudziko la azungu. Tinamuphunzitsa ndi usipa kuti akadziwe zinthu zosaoneka, ndipo anazidziwadi mpaka iye mwini anasiya kuoneka. Anayamba ndi Lichinga, kenako Maputo, kenako tinangomva kuti wakwera ndege.

Amayi atamwalira sanabwere. Anali ndi msonkhano waukulu wa anzake a mafunde, ndipo maliro a mayi wake anafika pa nthawi yolakwika. Ndinakweza foni m'mwamba kuti amveko nyimbo za kumanda, koma mawu ankangoduka. Pambuyo pake ine ndinkawaona ababa: galimoto ikangomveka pamsewu ankasiya ukonde umene akusoka n'kutukula mutu. Ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti mwana wawo abwere kunyumba iwo akadali moyo.

Foni ya banja lonse inali yanga, ndipo kwathu imagwira bwino pa mwala umodzi kuseri kwa sukulu. Dotolo wa mafunde a foni akafuna kulankhula ndi abale ake, mlongo wake ayenera kukwera mwala ngati mbuzi. M'mawa wina ndikutembenuza usipa pa thandala foni inalira, ndipo ndinathamangira komweko.

"Amana, muwauze ababa," anatero mlongo wanga, ponditcha achemwali m'Chipwitikizi, mawu ake akudukaduka. "Ndakhala sitadu... kambirimbiri... ku Brazil, ku China, ku Jeremani..."

"Sitadu? Iwe, walakwa chiyani?"

"...ntchito yanga ija ya malya..."

Foni inathera pomwepo. Ndinayesa kumuimbira, koma munthu wamkulu sayankha foni kawiri pa tsiku limodzi.

Mawu akuti sitadu m'nyumba mwathu timawadziwa bwino, ndipo sitiwatchula tikudya. Titabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, tinapeza munda wathu ukulimidwa ndi banja lina. Ababa, pokhala munthu wamtendere, anazula chinangwa chonse cha anthuwo. Posakhalitsa kunabwera munthu wa boma kudzawauza m'Chipwitikizi kuti ali sitadu, kutanthauza kuti aitanidwa kukhoti ku Metangula, afune asafune. Anapita pansi atavala jekete lobwereka, ndipo ngakhale mlanduwo unatha mwa kugawana mundawo, amaukamba mpaka lero ngati kuti anabwerako kumanda. Iwo anakhala sitadu kamodzi kokha. Mwana wawo tsopano anali sitadu kambirimbiri, m'maiko atatu.

Nditawauza ababa uthengawo, mawu akuti malya nawonso sanawavute. Msodzi aliyense kuno amadziwa kuti malya ndi maso a ukonde, ndipo maso akachepetsa, oyang'anira za usodzi amalanda ukondewo.

"Entau, ndinkadziwa ine," anatero ababa. "Mwana wa msodzi ndi msodzi basi. Wagwidwa ndi ukonde wa malya ang'onoang'ono m'nyanja za eni ake."

Ndinkayembekeza kuti nkhaniyi iwagwetsa. Miyendo yawo inali itayamba kale kutupa, ndipo masiku ambiri ankangokhala pamkeka. Koma m'mawa mwake ndinawapeza ataimirira, akutulutsa maukonde akale m'chipinda chimene mlongo wanga ankagona ali mnyamata. Anamata ming'alu ya khoma. Anakonza chitseko chimene chinakhala chopendekeka chimwalirireni amayi. Ankaimba ndi nyimbo yomwe, munthu amene mwana wake akufunidwa ndi makhoti a dziko lonse.

"Ababa, mukusangalala ndi chiyani?"

"Iwe, munthu zikamuvuta amathawira kuti? Si kwawo?"

Apa m'pamene ndinamvetsa, ndipo ndinamva chisoni chimene sindinachimve ngakhale pamaliro paja. Ababa anali atakambirana kale ndi msuweni wathu wa ku Chiwanga amene ali ndi boti la injini, kuti apolisi akangofika amuwolotsere mlongo wanga ku Likoma, monga mmene ife tinawolokera pa nthawi ya nkhondo. Pa Lamlungu anapempha apadiri kuti mpingo upempherere mwana wawo amene ali pa milandu kunja. Pofika madzulo nkhani inali itafika kumsika wa ku Metangula ili ndi nthambi. Amayi anzanga ankandipepesa ndi nkhope zowala ndi chimwemwe. Amene ana awo analekeza sukulu panjira ndi amene anapepesa kwambiri, nandikumbutsa mwachikondi kuti maphunziro akachuluka amathera komweko.

Mlongo wanga ataimbanso foni, ndinamuuza zonse. Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinamusiya aseke, ndili chiimire pamwala paja dzuwa likundiotcha pamutu.

"Seka ndithu," ndinatero. "Ababa amata chipinda chako. Akuti uthawe msanga, akubisa."

Kuseka kunatha. Patapita milungu ingapo anatsika mu shapa, minibasi ya kwathu kuno, ku Metangula, chikwama kumsana, atanenepa bwino ngati munthu amene sanaonepo khomo la khoti. Anthu ankamupatsa moni monong'ona. Mayi wina wogulitsa mandasi anamukoka malaya n'kumulangiza kuti asadutse pafupi ndi kampu ya asilikali a panyanja. Iye anathokoza mwaulemu, chifukwa ulemu wokha sanauiwale.

Ababa anamugwira dzanja nthawi yaitali osalisiya. Atadya, masana omwewo, tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iye n'kutsekula kompyuta yake. Anationetsa chithunzi cha chinthu chokutidwa ndi timizere topingasana, pena pofiira, pena pobiriwira. Zinkaonekadi ngati ukonde woyanikidwa.

Anafotokoza pang'onopang'ono, Chinyanja chake chikupunthwa pa Chipwitikizi. Anati anthu asanapange mlongoti wa foni, kapena makina a kuchipatala oona m'kati mwa thupi, amafuna kudziwiratu mmene mafunde osaoneka aja adzayendere: pamene adzadutse, pamene adzagunde khoma n'kubwerera, pamene adzafooke. Masamu ake ndi aakulu moti munthu sangawathe ndi pensulo. Ndiye kompyuta imadula malo onsewo m'tizigawo ting'onoting'ono n'kumawerengera kachigawo kalikonse, ndipo tizigawo timeneti ndi timene amatitcha malya. Tikakula kwambiri yankho limalakwika, tikachepa kwambiri kompyuta imatha masiku isanamalize. Iye anapeza njira yoti maso a ukondewo achepe pokhapo pamene pali povuta, kwina konse akhale aakulu, ndipo ntchito ya masiku inayamba kutha tsiku lomwelo.

Ndinene zoona, ndinamunyadira. Ndinali nditamukwiyira zaka zonsezi, ndipo mkwiyowo sunachoke, koma ndinamunyadira ndithu mwana amene ndinkamubereka kumbuyo ku Malawi.

"Nanga makhoti aja?" anafunsa ababa.

"Palibe khoti, ababa. Kusukulu kwathu mawu akuti sitadu ali ndi tanthauzo lina. Munthu akagwiritsa ntchito njira yanga, polemba zimene wapeza amatchula dzina langa. Akakutchula anthu ambiri, ndiye kuti ntchito yako yathandiza. Amatiyeza ndi zimenezo. Chifukwa cha zimenezi andipatsa udindo waukulu, ndiye ndimafuna mumve."

"Udindo wake wa konko?"

"Wa konko."

Ndinaona nkhope ya ababa ikubwerera mmene inalili nkhaniyi isanayambe. Bambo wina aliyense akanavina kumva kuti mwana wake si chigawenga. Athu anayang'ana chitseko chimene anakonza chija, kenako anayang'ana mapazi awo otupa.

"Anthu a ku China amenewo amakudziwa nkhope?"

"Ayi, ambiri sitinaonanepo."

"Akakutchula, umapitako?"

"Ayi, ababa, sipafunika kupita. Amangonditchula basi."

Ababa anagwedeza mutu ngati munthu amene wamvetsa phunziro lonse, malya ndi mafunde omwe.

"Pronto, ndamva. Ndiye n'chimodzimodzi ndi kuno. Nafenso timangokutchula."

Sananene mokalipa. Ananena monga mmene amanenera kuti lero nyanja ilibe nsomba. Mlongo wanga, amene amayankha mafunso a madotolo anzake m'zilankhulo zingapo, anatseka kompyuta yake n'kuyang'ana pansi. Ine ndinanyamuka kukatembenuza usipa umene ndinali nditautembenuza kale.

Mlongo wanga anagona m'chipinda chomatidwa chija masiku owerengeka. Anaperekeza ababa kuchipatala kukaonetsa miyendo, anapita kumanda a amayi, ndipo anabwerako maso ali ofiira. Kenako udindo unamuitana, ndipo kumeneko anapita. Msuweni wa boti uja anakhumudwa kwambiri, chifukwa anali atauza kale aliyense kuti ndi iye amene adzapulumutse dotolo.

Lamlungu lotsatira apadiri analengeza kuti mapemphero athu amveka: mwana wathu wapezeka wosalakwa, ndipo wabwerera bwino kuntchito yake kunja. Amayi ena analulutira, ena anaomba m'manja mofooka. Mpingo wonse unati amen. Ine ndinayang'ana pamene panakhala ababa, atavala jekete lawo la ku tchalitchi, ndipo milomo yawo sinagwedezeke. Titabwerera kunyumba ndinawafunsa ngati ndibwezere maukonde aja m'chipindamo. Anati ndiasiye kaye panja, mwina mwanayo angadzalakwe.