A Kenan Mkwamba ndi Bokosi la Lefutenanti Farrant

A Kenan Mkwamba anabadwa pa 9 Febuluwale 1958 pachilumba cha Likoma, ndipo moyo wawo wonse akhala akudyera moto ndi nthunzi. Kuyambira 1979 ankayang'anira maboyila pafakitale ya tiyi ku Mulanje. Pa 22 Ogasiti 2004 anatera ku Indianapolis kutsatira akazi awo, a Flora, amene anali atapeza ntchito ya unamwino. Chaka chisanathe nawonso anali m'chipinda chapansi pachipatala china, akuyang'anira maboyila otenthetsa mawodi. Amakhala ku Speedway, dera lotchuka ndi mpikisano wa magalimoto, koma za mpikisanowo musawafunse. Afunseni za sitima, muone mmene maso awo amawalira.

Agogo awo, a Yohane Mkwamba, amene anamwalira mu 1966, ankasonkhezera moto m'sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Plover, panyanja ya kwathu. Nkhani yawo inali imodzi: tsiku lina mwera unakula, nkhuni zinatha ali pakati pa nyanja, koma iwo anaifikitsa sitimayo padoko. Ukawafunsa kuti anachita bwanji, ankangoseka.

A Kenan akaifotokoza nkhaniyi pamacheza a Amalawi, anthu ankatsinana. A Dixon Gondwe, mkulu wa mpingo, ndiwo ankanyanya.

"Achimwene, sitima ya nthunzi yopanda nkhuni? Agogo anuwo ankaipalasa ndi manja?"

Ana a a Kenan omwe ankamwetulira mwaulemu. Zinkawawawa a Kenan, kuti agogo awo asanduke wabodza m'dziko limene sanapondemo. Ndiye mu Janyuwale 2012 anayamba kufufuza za mzungu amene ankalamula sitimayo, Lefutenanti Edmund Farrant.

Pazaka khumi ndi chimodzi anamudziwa munthuyo ngati mbale wawo. Anabadwa pa 3 Malichi 1866 ku Portsmouth. Analowa usilikali wa pamadzi ali ndi zaka khumi ndi zitatu, nthawi imene sitima zinkakhala ndi matanga ndi injini yomwe, poti akuluakulu anali asanaikhulupirire nthunzi. Anayenda nyanja ya Mediterranean ndi magombe a China. Mu 1896 anamutumiza kwathu ndi Plover, imene inakwera Zambezi ndi Shire ili zidutswazidutswa, pena pamitu ya amtengatenga. Anabwerera kwawo mu 1899, napuma ntchito mu 1912, koma nkhondo itabuka mu 1914 anamuitananso kukachotsa mabomba a m'madzi. Anamwalira mu 1931. Zonsezi a Kenan anazipeza. Dzina la agogo awo lokha ndilo silinkaoneka paliponse.

Lachiwiri pa 10 Okutobala 2023 kunabwera uthenga. Unachokera kwa mayi Joan, mdzukulutuvi wa Farrant, amene a Kenan anali atamulembera kalata miyezi inayi m'mbuyomo. Mayiyo, amene anakwatiwa ndi mphunzitsi wa payunivesite, ankakhala ku South Bend, ulendo wa maola awiri ndi theka basi. Anati ali ndi bokosi la mabuku amene Farrant ankalembamo zochitika tsiku ndi tsiku, koma Loweruka 2 koloko masana galimoto idzalitenga, likupita kunyumba yosungirako zakale ku Mangalande.

A Kenan anavina m'khitchini foni ili m'manja. Atakhala pansi anati, "Chinthu chachikulu chonchi munthu sadzipemphera yekha. Pafunika wotilankhulira."

"Ndiye mutenga ndani?" anafunsa a Flora.

"A Gondwe. Akaone ndi maso awo."

Ananenanso kuti pakhomo pa munthu sapita chimanjamanja. Loweruka pa 14 Okutobala anayamba adikira kuti sitolo ya pa Lafayette Road itsegule, agule mpunga wa Kilombero ndi chitenje. Iwo, a Flora ndi a Gondwe anafika ku South Bend itatsala pang'ono kukwana 1 koloko.

Mayi Joan, wa imvi mbuu ndi wansangala, anawalowetsa pabalaza. Pafupi ndi chitseko panali bokosi lachitsulo lakuda, lolembedwa E.F. A Kenan analiyang'ana kamodzi. Anakhala pansi, manja pamiyendo, osayang'anako kawiri.

A Gondwe anaimirira, nakonza jekete. Anapereka moni m'Chingerezi cha paguwa. Anafunsa za moyo wa mayiyo, za amuna awo, za ana mmodzimmodzi. Anafotokoza mmene ayendera. Anapereka mphatso, mayi Joan nathokoza, napita kukaphika khofi. Atabwerako, a Gondwe anayamba mbiri ya ubale wa Malawi ndi Mangalande, kuchokera kumayambiriro.

A Flora anawanong'oneza amuna awo. "Bambo a Sophia, hafu pasiti wani yakwana. Tikhala leti."

"Dekhani, mayi. Tisaoneke ngati tabwera kudzalanda."

"Mwadraiva ulendo wonsewu kudzamvera ulaliki?"

A Gondwe anali atangofika pa amishoni oyamba pamene a Flora anakweza dzanja.

"Pepani mayi, ine ndi namwino, ndimayendera wotchi. Amuna angawa adikira zaka khumi ndi chimodzi kuti aone m'bokosimo."

Mayi Joan anaseka mpaka kugwira pamtima. "Ine ndimayesa tikudikira pemphero. Tsegulani, silinakiyidwe."

Munali mabuku makumi awiri ndi atatu, ndipo kunatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu. Apa kufufuza kwa a Kenan kunagwira ntchito. Anasolola mabuku anayi a zaka za panyanja ya kwathu, aliyense lake.

"Musawerenge zonse. Mwera umakula mu Juni, Julaye ndi Ogasiti. Muyang'ane mmenemo."

Pabalaza panangomveka mapepala. Zilembo zinali zopendekera, inki itafwifwa. A Kenan ankatsata mizere ndi chala, thukuta lili kamukamu. M'buku lawo la 1897 munali za malungo, za utoto, za mvula. Galimoto inaima panja, ndipo mayi Joan anathamangira kukhomo ndi kapu ya khofi kuti dalaivala achedweko.

"Achimwene," anatero a Gondwe motsitsa mawu. "Tabwerani kuno."

"Werengani. Ine maso akuchita chidima."

A Gondwe anawerenga, akumasulira m'Chichewa mzere ndi mzere.

"17 Juni 1898. Tsiku lachiwiri la mphepo yakummwera. Nkhuni zinatha 3 koloko masana, doko likadali kutali, mafunde akutikankhira kumiyala. Ine ndili pachiwongolero, Mkwamba wosonkhezera moto analowa m'chipinda changa ndi nkhwangwa, osapempha. Wawotcha tebulo langa, mipando itatu, chitseko ndi bedi. Tafika dzuwa likadalipo, anthu onse makumi atatu ndi mmodzi amoyo. Malamulo akuti ndimulange. Ndamukweza kukhala mkulu wa osonkhezera moto. Ndikulemba izi buku lili pabondo."

A Flora anaimba nthungululu, dalaivala mpaka anasuzumira pazenera. A Kenan anali kuseka, misozi ikutsika, akumenya nkhonya pachikhatho.

"Nchifukwa chake ankangoseka. Bedi la mzungu!"

"Ndiye kuti ndinu mdzukulu wa wowotcha mipando ya eni," anatero a Gondwe, akupukuta magalasi awo nthawi yaitali. "Mawa tikatuluka m'tchalitchi ndikanena ndekha pamaso pa onse. Ndinayamba ndine."

Mayi Joan anawalola kujambula tsambalo, ndipo a Kenan analijambula kasanu. Kenako anagwada pamaso pa mayiyo, naomba m'manja katatu.

"Mayi, m'malo mwa banja la a Mkwamba, ndikupepesa chifukwa cha katundu wa agogo anu."

"Pakadapanda nkhwangwa imeneyo ine sindikadabadwa," anayankha mayi Joan. "Dzukani, bambo, mundithandize kunyamula."

Bokosi linakwera galimoto 2 koloko itapitirira ndi mphindi khumi ndi ziwiri, a Kenan atagwira mbali imodzi, a Gondwe inayo. Lolemba pa 16 Okutobala a Kenan anabwerera kumaboyila awo, nakhoma tsambalo pakhoma pamene aliyense wolowa angaliwerenge.