Anapiye a Che Uladi Sanafe

Che Uladi anabwerako ku Halale ndi jasi lalitali komanso pakamwa posatopa. Kumeneko ankagwira ntchito pafamu ya nkhuku ya mzungu wina, ndipo aliyense wa kwa Nsamala amene anawapatsapo moni anaimva nkhaniyi, afune asafune. Mukawamvera iwo, mzunguyo sakanatola dzira ngakhale limodzi popanda nzeru za Uladi. Koma amene anali nawo limodzi kumeneko ankanong'ona kuti ntchito yawo inali yowola zitosi ndi fosholo n'kumakataya kudzenje pa wilibala. Nkhuku anazionadi, zimenezo palibe akukana, koma anaziona cha kumbuyo kokha.

Anakwatira Habiba, nakakhala kwawo kwa mkaziyo monga mwa mwambo. Mkamwini amadziwika ndi khasu, koma Che Uladi khasu ankalilambalala ngati njoka. Anzawo akalawirira kumunda wa thonje, iwo ankakhala pansi pa mango atavala jasi lija, dzuwa la ku Balaka likuswa mtengo, n'kumasimbira aliyense wodutsa za misewu ya phula. Habiba ankalima yekha, kupalira yekha, thonje n'kutola yekha mpaka zala kung'ambika. Chikhalirecho ankawakonda ndithu amuna akewo, ndipo m'mudzi monse palibe anachimvetsa chimenechi.

Amene anatopa msanga anali Che Hassani, mlongo wake wa Habiba, mwini mbumba. Atatha kukolola anawaitanira alamu awowo kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu," anatero Che Hassani, "mlongo wangayu sanakwatiwe ndi jasi iyayi. Chaka chino tione chimene manja anu apange pakhomo pano. Tikapanda kuona kanthu, njira ya kwanu kwa Kawinga mukuidziwa."

Che Uladi anaseka mokweza. Kwa Kawinga kunalibe wowadikira. Mayi awo anamwalira iwo ali ku Halale, nyumba inagwa, ndipo munda anagawana adzukulu a eni mudzi. Pokhala pawo padziko lonse lapansi panali pakhomo pa Habiba pomwepo. Munthu wanzeru akanadzuka m'mamawa n'kukatenga khasu. Iwo anadzuka ndi maganizo a nkhuku zachizungu.

Anali atamva kuti kampani ina ya ku Limbe imagulitsa anapiye ongoswedwa kumene. Umangotumiza ndalama pa positi, anapiyewo n'kubwera pa sitima m'bokosi. Ndalamazo iwo analibe, koma Habiba anali ndi khola la nkhuku zachikuda zimene ankaweta kuyambira ali mtsikana.

"Zakozi ndi zimene zimabweretsa chitopa," anamuuza motero. "Sizingakhale bwalo limodzi ndi zanga. Tizigulitse zonse, ukaona mazira amene tizidzatola pano udzandithokoza."

Habiba analira, kenako anavomera. Che Uladi anazimanga miyendo nkhuku zija, ngakhale thadzi limene linali pa mazira, nazitengera kumsika wa ku Balaka. Pachipata anatulutsa khadi ya chipani asanafunsidwe n'komwe, kuti achinyamata oyang'ana makhadi pamenepo nawonso amve za bizinesi yawo. Kuchoka apo analunjika ku positi ofesi, ndipo pobwerera kumudzi ankayenda ngati mwini famu.

Anapiye anafika mu Juni, mwezi umene usana kumatentha koma kukamacha mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Che Uladi anabwereka njinga ya Che Hassani omwewo, nakatenga bokosi lobowolabowola kusiteshoni. Mtunda woti akanafika dzuwa lisanakwere anauyenda tsiku lathunthu, chifukwa pagolosale iliyonse ankaima, kumasula chingwe, kutsegula bokosi kuti anthu aone. Tinali tianapiye tachikasu, tokongola ndithu, tikulira ndi ludzu. Pamene ankafika kunyumba tina tinali titayamba kale kusinza.

Mlangizi wa zaulimi ankakhala kutsidya kwa mtsinje, poti n'kufuula akanamva. Koma munthu wa ku Halale angafunse bwanji nzeru kwa munthu amene sanaolokepo malire? Safunsa adadya phula. Pafamu paja Che Uladi ankaona nyali zamagetsi zikuyaka usiku wonse pamwamba pa anapiye, ndipo zaka zonsezo ankakhulupirira kuti nyalizo zinali zowaunikira kuti aziona chakudya. Zoti zinali zowafunditsa, m'malo mwa mapiko a make, sizinawafikepo m'mutu. Choncho anawathira anapiye aja pansi m'kachipinda kozizira, nawamwazira madeya, napachika koloboyi pamwamba penipeni pa khoma kuti kuwala kufike ponseponse.

"Bambo, tianati tilibe make," anatero Habiba ataima pakhomo. "Kwa achemwali a Asiya kuli mathadzi awiri ofungatira. Ndikabwereke, tiwalowetse kunsi kwake kukada. Ena apulumuka."

"Anapiye anga afungatiridwe ndi nkhuku yodya mphemvu kudzala? Iwe za nkhuku ukudziwapo chiyani?"

Kutacha anapeza anapiye ataunjikana pangodya, wina pamwamba pa mnzake, kufunafuna kutentha. Apansi anali atauma gwa. Che Uladi anayang'ana uku ndi uku, nawatola msangamsanga, nawaponya m'thumba la jasi, nakawataya m'chimbudzi. Habiba ankasesa pabwalo ndipo anaona zonse. Anthu odutsa popita kumunda ankafunsa kuti alendo aja adzuka bwanji, Che Uladi n'kumayankha kuti adzuka bwinobwino, nkhuku zachizungu sizifa wamba.

Mawa lake zinali chimodzimodzi, mkuja wake chimodzimodzi. Ndipo otsalawo anayamba kugwetsa mapiko masana omwe, maso ali tsinzi, kumangozandima. Anthu obwera kudzaona anayamba kuzindikira kuti gulu likuchepa. Apa m'pamene Che Uladi anatulukira nzeru imene kwa Nsamala akuikambabe mpaka lero.

Nyama yofa yokha Msilamu sadya, ndi yotaya basi. Koma ukaizinga mpweya usanachoke, ndi ndiwo. Tsono bambo wamkulu, wandevu zake, anayamba kukhala pakhomo pa kachipinda kaja tsiku lonse, lezala lili m'manja, kudikirira kamwanapiye koti kazandime. Kakangogwetsa mutu ankakatsomphola, kuthamanga nako pabwalo, kukalozetsa kumene Asilamu amayang'ana popemphera, Bisimila, n'kukacheka kakhosi kochepa ngati udzu. Ntchito yokhayo imene anaigwirapo ndi mtima wonse chikwatirire inali yothamangitsana ndi imfa ya anapiye.

"Pakhomo panga palibe mwanapiye wafa," ankauza aliyense. "Ndikuchita kupatula ndekha. Azungu amatero, amachotsa ena kuti otsala anenepe."

Habiba ankawasosola ndi zala ziwiri n'kuwakazinga, misozi ili m'maso. Mpheta ili ndi mnofu kuposa timeneto. Che Uladi ankadyera pakhonde kuti anthu aziona, akutafuna pang'onopang'ono ngati akudya chinthu cha mtengo wapatali. Lachisanu atatuluka mumzikiti, amuna ena anawazungulira akuseka, wina n'kufunsa ngati chisanu sichinawalowere m'khola. Iwo anakweza chala kumwamba.

"Wallahi, palibe ndi mmodzi yemwe anafa yekha," analumbira pamaso pa onse.

Anapatula, napatula, mpaka m'kachipinda muja munatsala madeya ndi fungo. Pabwalo pa Habiba, pamene kale tambala ankadzutsa mudzi wonse, panali zii.

Che Hassani anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Koma nkhani isanakambidwe, Habiba anapita yekha kwa mlongo wakeyo, nagwada, nawapempha kuti asamuthetsere banja. Che Hassani sanali munthu wouma mtima. Anamulonjeza kuti awasiyira alamu awo khomo lotulukira, lotakasuka bwino loti ngakhale wakhungu sangaliphonye.

Tsiku la nkhaniyo anthu anadzaza pansi pa mango paja, amayi mbali iyi, abambo mbali iyo, ena oitanidwa, ambiri odziitana okha. Che Uladi anakhala pampando atapingasa miyendo.

"Nkhani ndi yaifupi," anayamba Che Hassani. "Nkhuku za mlongo wanga zinagulitsidwa, m'malo mwake munabwera anapiye, ndipo anapiyewo kulibe. Tsono chiweto chikafa chokha, kaya ndi matenda kaya ndi chisanu, zimenezo ndi za Mulungu. Tonse pano zinatigwerapo, ndipo palibe amaimbidwa mlandu. Ngati ndi choncho, alamu akhale, tiwapatse khasu, chaka chamawa tionenso. Koma ngati munthu watenga chuma cha mbumba yanga, chamoyo, chabwinobwino, n'kuchipha ndi dzanja lake kuti adye, ameneyo ndi wosakaza, ndipo pano sangakhale. Habiba, iwe unaona chiyani?"

"Ankafa ndi chisanu, achimwene," anayankha Habiba, maso ali pansi. "Ndinaona ndi maso angawa akukataya ena kuchimbudzi. Amene ankazingawo anali atatsala pang'ono kufa. Sanaphe wamoyo wabwino ngakhale mmodzi."

"Mwamva, alamu. Akazi anu akuti anapiye anafa okha. Ingovomerani, tizikapuma."

Che Uladi anamvetsa bwino lomwe chimene chinaikidwa patsogolo pawo. Sanali wogontha, ndipo sanali woledzera. Anaona m'maganizo bwinja la mayi awo kwa Kawinga, udzu utamera pamene panali khomo, ndipo mantha anawagwira. Mawu oti anafa anafika palilime penipeni. Kenako anakweza maso, naona amuna a kumzikiti aja atakhala pamzere, wina atagwira kale pakamwa kubisa chiseko. Anaganiza za moyo wonse wokhala m'mudzi uno ali munthu amene anapita ku Halale n'kubwerako osadziwa kuti mwanapiye amafuna kufunda. Pakati pa mkazi wowakonda ndi kusekedwa ndi anthu amene ankawaseka kale, kwa iwo cholemera chinali kusekedwako.

"Mkaziyu akunama," anatero. "Za nkhuku sadziwa. Anapiye anga anali amphamvu onse. Ndinazinga ndekha, mwa kufuna kwanga."

Nkhoswe yawo yomwe inagwira kumutu. Panalibe woseka tsopano, ngakhale amene anabwerera zomwezo.

"Bambo, chonde," anatero Habiba motsitsa mawu. "Ingonenani."

"Ndanena kale."

Che Hassani anadikira kuti mwina alamu awo angabweze mawu. Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo. Habiba anawayang'ana amuna akewo nthawi yaitali, munthu amene anamulimira, kumuphikira, kumugwadira kwa abale, amene tsopano wamutcha wabodza pamaso pa mbumba yake yonse pofuna kuteteza dzina la anapiye akufa. Misozi sinatulukenso.

"Achimwene, ndinakuvutitsani pachabe," anatero. Anadzuka, nakung'untha chitenje, nalowa m'nyumba kukawamangira amuna akewo katundu.