Sewero la Kutsidya M'chigafa cha a Faustina

A Faustina Zimba anabadwira kwa Simlemba, kumpoto kwa Kasungu, m'banja la zilankhulo ziwiri. Bambo awo anali Mchewa, mayi awo Mtumbuka wa ku Mzimba. Pakhomo pawo mwana ankatumidwa m'Chichewa, koma akalakwa ankakalipiridwa m'Chitumbuka. Sukulu analekezera Sitandade 7, chaka chimene bambo awo anadwala n'kusowa wowathandiza kumunda. Atakwatiwa ndi a Cornelius, mlimi wa fodya wa mudzi woyandikana nawo, moyo wawo unatsata fodyayo: kufesa nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, chaka ndi chaka.

Chimene anthu ankawadziwa nacho ndi pakamwa. Kumisonkhano ya amayi a Mvano, pakabwera mlendo wolankhula Chitumbuka, womasulira anali iwo. Sankangotembenuza mawu ayi. Wolalikira akazizira, iwo ankathirako kamchere, mpaka anthu ankatuluka akuyamikira ulaliki umene mwiniwake sanalalikire.

Koma panali nkhani imodzi imene pakamwapo sipankafika. M'chaka cha njala cha 2002, pamene anthu ankadya gaga ndi zitsinde za nthochi, mwana wawo wachiwiri, Gomezgani, anamwalira ali ndi zaka zitatu. Anatsala ndi wamkulu, Fainala. Kuyambira pamenepo, pakatchulidwa za chaka chimenecho, a Faustina ankapeza chochita kuseri kwa nyumba.

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2023, fodya atagulitsidwa, kunabwera alendo. Linali gulu la zisudzo lochokera ku Ulaya, anthu asanu, pamodzi ndi achinyamata a zisudzo a ku Lilongwe. Ntchito yawo inali kutenga sewero lakalekale la kwawoko, lolembedwa zaka mazanamazana zapitazo, n'kumaliseweretsa m'zilankhulo za mayiko osiyanasiyana. Mtsogoleri wawo anali mayi wamtali wosavula chipewa, moti m'mudzimo anangomupatsa dzina lakuti Nachipewa. Wowayankhulira anali bambo wa ku Lilongwe, a Yankho, amene analemba sewerolo m'Chichewa. Pofuna malo a mthunzi okonzekerapo, anaona chigafa chachikulu cha a Cornelius chili chopanda kanthu, n'kuchipempha.

Sewerolo linkanena za munthu wolemera amene anatsekera chakudya m'nyumba chaka cha chilala, kudikira kuti mzinda wonse udzamugwadire, ndi mkazi wake amene anakana kukhala chete.

Tsiku lachitatu a Faustina anapita kuchigafako ndi ndowa ya thobwa. Anapeza mtsikana wina dzina lake Sellah, amene ankasewera ngati mkazi wa mwini chuma uja, ataima n'kuloza chala mwamuna wake wa m'sewerolo.

"Iwe mwamuna wa mtima wa mwala," anatero Sellah, "ine ndikukana kukhala gawo la nkhanza zako!"

A Faustina anayesa kudzigwira, koma phwete linatuluka. Onse anacheuka.

"Chakuseketsani n'chiyani, amayi?" anafunsa a Yankho.

"Pepani, bambo. Ndimati mwina mukuwerenga chikalata cha boma. Mkazi wake uti angalankhule choncho? Komanso kumuloza mwamuna chala pagulu, kuno anthu ayamba kumvera chisoni mwamunayo."

A Yankho anamasulira zimenezi m'Chingerezi. Nachipewa sanakwiye. Anakhala pansi pathumba, nafunsa kuti nanga mkazi wa kuno akapsa mtima chonchi amatani.

"Amatenga mtondo," anayankha a Faustina. "Amakasinja pabwalo, n'kumaimba. Satchula dzina la munthu, koma mudzi wonse umamva, mwini nkhani nayenso amamva."

"Mungatisonyeze?"

Anabweretsa mtondo ndi munsi, nathiramo chimanga pang'ono. Poyamba anachita manyazi, koma munsi utagunda katatu mawu anabwera okha:

"Anankafumbwe akhuta kwathu kuno,
ana a eni agona ndi njala.
Abambo, makiyi akulemerani m'thumba,
bwerani nawo ndikusungireni."

Kenako Sellah anati, "Amayi, bwerezaninso, ndilembe."

Kuyambira tsiku limenelo a Faustina anakhala wa m'gululo. M'mawa uliwonse a Yankho ankawerenga mzere, n'kufotokoza zimene wolemba wakaleyo ankatanthauza, a Faustina n'kuuwongola kuti ukwane m'kamwa mwa munthu. Nthawi zina ankakangana mpaka dzuwa kufika paliwombo. A Yankho anali munthu wophunzira, ndipo zinkawawawa kuona mizere imene anaivutikira miyezi itatu ikufufutidwa. Tsiku lina anaponya pensulo pansi.

"Amayi, apa wolembayo akukamba za chilungamo. Inu mwachotsa liwulo!"

"Ndachotsa liwu, chilungamocho ndachisiya. Munthu wa njala sanena kuti ndikufuna chilungamo. Amati, mwana wanga sanalawe kanthu chidzulo."

A Yankho anatola pensulo yawo, nalemba. Komanso panali malo ena pamene iwo anakana kugonja, a Faustina n'kuvomera kuti mawu a m'buku aja anali ndi ulemu wake.

Kunyumba a Cornelius sizinawasangalatse. "Amake Fainala," anatero tsiku lina akunola khasu, "chigafa n'changa, mkazi woimbayo n'ngwanga. Anthu adzati wotsekera chimangayo ndine."

"Abambo a Fainala, inu muli ndi chimanga choti n'kutsekera?"

A Cornelius anaseka mpaka kutsokomola. Nkhani inathera pomwepo, ndipo patapita masiku awiri anali iwo amene ankasoka zovala za osewera ndi ziguduli zotsala pomanga mabelo.

Chovuta chinadza sabata yachitatu. M'sewerolo muli malo pamene mayi wina wosauka amabwera pakhomo pa wolemera uja atanyamula mwana wake amene wangotsirizika. Wolemba wakaleyo anam'patsa mayiyo mawu ambiri, tsamba lathunthu. A Yankho atawerenga, a Faustina anaimirira n'kupita kwawo. Mawa lake sanabwere.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, Nachipewa ndi a Yankho anapita kukawaona. A Cornelius anali atawauza kale za Gomezgani. Nachipewa, kudzera mwa a Yankho, anapepesa, nati gawolo angathe kulichotsa.

A Faustina anakana. "Musachotse," anatero. "Amene analemba zimenezi anaonapo njala, ndamumva. Koma mawu achuluka. Tsiku limene lija ine sindinalankhule zambiri chonchi. Chichewa chimene chinandithawa. Ndinangoti, *Mwana wane, wuka, chakurya chafika.* Chifukwa phala linali litapezeka, koma mochedwa."

Anawafotokozera kuti mawuwo ndi a Chitumbuka, chilankhulo cha mayi awo, ndipo akutanthauza kuti mwana wanga dzuka, chakudya chafika. Aka kanali koyamba kuwatchula m'zaka makumi awiri ndi chimodzi. Kenako anati, "Gawo limeneli musam'patse mtsikana. Ndisewera ndekha."

Anaonetsa sewerolo Loweruka masana pabwalo la mpira la pasukulu. Anthu anabwera pa njinga ndi pa ngolo, ena anakwera m'mitengo ya mango. Sellah atayamba kusinja n'kumaimba, amayi a m'gulu la oonerera analandira nyimboyo ngati anaidziwa kale. Bambo wina wachikulire anaimirira n'kukalipira wosewera ngati mwini chuma uja, "Tsegula chitseko, iwe! Ufa nacho chimangacho?" Anthu anaseka, wosewerayo n'kumuyankha pomwepo osataya khalidwe lake, zimene zinam'sangalatsa kwambiri Nachipewa.

Kenako analowa a Faustina, atafukata nsalu yopindapinda ngati mwana. Anagwada, nanena mawu awo aja, kawiri kokha. Phokoso lonse linatha. Pabwalopo panali anthu ambiri amene anaika m'manda ana ndi makolo chaka chimene chija. Sewero litatha sanabalalike msanga. Anakhala m'timagulu n'kumatchula mayina a amene anapita, zimene sizinkachitikachitika. Fainala, amene tsopano ali pabanja, anadza n'kukhala pafupi ndi mayi ake, nawafunsa kuti mlongo wake uja ankaoneka bwanji. Anamuuza zonse, ngakhale za kaseweredwe kake.

Gululo linapita nalo sewerolo ku Santhe, ku Kasungu Boma, kenako ku Lilongwe, a Faustina ali nawo. Chaka chotsatira kunabwera uthenga wakuti akufunidwa ku Ulaya. Anavomera, koma anaika lamulo lakuti ulendowo ukhale fodya atachoka m'chigafa, ndipo abwerere nthawi yofesa nazale isanakwane. Anapita ndi mtondo wawo womwe, atautchinjiriza ndi zitenje. Kumeneko anasewera m'nyumba yaikulu yozizira, mawu awo akulembedwa pamwamba m'chilankhulo cha eni dziko. Iwo amati chimene chinawadabwitsa n'chakuti anthu a kumeneko amaonerera ali duu ngati pamaliro, osayankhira n'komwe. Anayamba kuganiza kuti sizikuwakomera, mpaka pamene mayi wina wokalamba anawatsatira kuseri, nawagwira manja onse awiri, misozi ili mbwembwembwe. Panalibe womasulira pafupi, ndipo sanamufune.

Lero a Faustina akulimabe fodya, ngakhale theka la munda analipereka ku soya ndi mtedza. Lachinayi lililonse masana, ntchito ikachepa, amayi khumi ndi awiri ndi abambo anayi amasonkhana kuchigafa kuja. A Yankho anawatumizira sewero lina lakale, loseketsa, ndipo amawafotokozera pa foni gawo ndi gawo. Vuto limene lilipo pakadali pano n'lakuti a Cornelius akuumirira kuti awapatse gawo la mkamwini, limene bambo wina wachinyamata akulifunanso, pamene gulu lonse likuti msinkhu wawo ndi wa apongozi. A Faustina ati aweruza nkhaniyi akawamva onse awiri ofuna gawolo sabata yamawa.