Ndodo Yapulu Yomasula Pakati

Chaka chomwe ananditumiza ku Mchinji ngati mlangizi wa zaulimi, Loweruka linkanditalikira. Banja langa linali likadali kwathu ku Thyolo. Mkati mwa sabata ndinkatanganidwa ndi alimi a mtedza a cha ku Kachebere, koma Loweruka masana ndinkasowa kolowera. Mpamene ndinayamba kupita pa kagolosale kena pafupi ndi boda ya Zambia, pomwe panali tebulo la pulu, masewera aja omenya timipira ndi ndodo, pansi pa shedi yamalata.

Ndodo za pamenepo zinali ziwiri, zonse zotopa. Ina inali yokhota ngati mpini wa khasu, inayo nsonga inathothoka ndipo anamatapo kachikopa ka nsapato. Madalaivala a mathiraki odikira mapepala awo ankandikwapula mosavuta, ine n'kumanamizira ndodo.

Pa benchi chapambali pankakhala bambo ena achikulire, imvi mutu wonse. Anagwirapo ntchito kumigodi ku Zambia, ndipo kumeneko ankasewera sinuka, ija ya tebulo lalikulu. Koma ndodo sankaigwiranso. Chidwalireni sitiroko, dzanja lawo lamanja linkanjenjemera, choncho ankangoonerera.

"Alangizi," anatero tsiku lina nditagonjanso, "theka la vuto ndi ndodo, theka linalo ndinu. La ndodolo silivuta. Gulani yanu, yomasula pakati, muzitha kuinyamula pa njinga yamoto yanuyo."

Mayi ena ochita geni yokaoda katundu ku Lusaka anavomera kubweretsa zitatu kuti ndidzasankhepo. Patatha sabata ziwiri anafika nazo, atazikulunga m'chitenje, n'kuziyala patebulo.

Maso anga anathamangira yakuda, yonyezimira, yokhala ndi mizere yonga golide. Ndinali nditaigula kale mumtima.

"Imangeni kaye," anatero bambo aja. "Mukatero muigubuduze patebulo."

Ndinalumikiza zidutswa ziwirizo n'kuikankha pang'ono. Inagubuduka nsonga ikudumphadumpha ngati nkhuku yotsimphina. Bambowo anandiitana, n'kulowetsa chikhadabo polumikizira paja. Panali kampata.

"Chidutswa chilichonse chikhoza kukhala chowongoka pachokha," anatero, "koma ngati apa sipakugwirana bwino, mwagula ndodo ziwiri zosadziwana."

Mayi aja anaseka, n'kuibweza m'chitenje osatsutsa.

Ziwiri zotsalazo zinagubuduka bwino. Ina inali yolemera, yonenepa kogwirira. Ina inali yopepukirapo, yosapakidwa utoto, mizere ya mtengo ikuonekera. Bambowo anandiuza kuti ndiimike iliyonse pansi ndione ngati ikufika chapaphewa. Kenaka anati ndidinikize kachikopa ka kunsonga ndi chala. Kakauma ngati mwala kamatsetsereka pampira, kakafewa kwambiri sikachedwa kuphwanyika. Pomaliza anati nditsinzine, ndiziyendetsa ndodo pakati pa zala, ndimve ngati pena pakukanda.

"Nanga inuyo, bambo, mukanasankha iti?"

"Dzanja ndi lanu, alangizi. Langali linapuma kalekale."

"Tangoyesani kamodzi."

Anakana. Koma mayi aja nawonso anawachonderera. "Tayesani, atate. Ndani angakusekeni pano?"

Bambowo anadzuka pang'onopang'ono. Anayamba ndi yopepuka ija. Dzanja linagwedezeka, nsonga inapalasa mpira woyera chakumbali, mpirawo n'kungosuntha pang'ono. Ndinadziimba mlandu kuti ndawachititsa manyazi pagulu. Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire ndodoyo, koma iwo anali atatenga kale yolemera ija. Anaipaka choko modekha, anawerama mpaka chibwano chinatsala pang'ono kukhudza ndodo, n'kudikira. Kunjenjemera kunachepa. Kulemera kwa ndodoyo kunkaligwira dzanja. Anamenya, ndipo mpira wofiira unayenda tebulo lonse n'kukagwera pakona.

Anakhalabe chiweramire kwa kanthawi. Atawongoka, anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya.

"Mwamva kulira kwake?" anandifunsa, ngati palibe chimene chachitika. "Ndodo yabwino imalira kamodzi. Ikalira kawiri, ndiye kuti pakati pali pokhwefuka."

Ine ndinatenga yopepukayo, pakuti ndi imene inakhala bwino m'dzanja mwanga. Yolemera ija mayiwo sanapite nayo kukagulitsa ku boma monga ankafunira. Anaisunga, ndipo mwana wamkazi wa bambowo, yemwe anali namwino, atamva nkhaniyi anabwera kudzawagulira.

Kuyambira pamenepo Loweruka tinkasewera awiri, nthawi zina mpaka dzuwa kupendeka. Anandiphunzitsa kaimidwe, poika phazi, ndiponso kusathamangira kudzuka ndisanamalize kumenya. Masiku ena dzanja linkawavuta, ndipo ankangoti, "Lero lakana," n'kukhala pansi. Koma masiku oterowo ankachepa mwezi ndi mwezi. Anakakamiza mwini golosale kuika timatabwa pansi pa mwendo umodzi wa tebulo kuti lisapendekeke, ndipo achinyamata a m'deralo anayamba kubwera kudzafunsa nzeru.

Nyengo yokolola mtedza, tinamva kuti ku boma kuli kampikisano ka osewera wamba. Tinalembetsa tonse awiri. Ndinawakweza panjinga, ndodo zathu titazimasula n'kuzimangirira kumbuyo. Ine ndinatuluka ndime yoyamba yomwe. Iwo anapambana kawiri, kachitatu n'kugonja kwa wapolisi wina amene anawagwira chanza ndi manja awiri.

Pobwerera tinaima pamseu kugula chinangwa chootcha. Akudya, anandiuza kuti chaka chamawa ndiyambe kukonzekera msanga, chifukwa sakufuna kukafika ndime yachitatu ali okha.