Mapeto a Buku Ali mu Mfuti ya Amalume

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene amasunga mpheta za mlengalenga, ndipo mwezi wathawu anasunganso akazi a amalume anga. Ndimuthokoza kuti m'banja mwathu simunagwe maliro. Ndimuthokozanso kuti sabata ino wandichepetsa pamaso pa anthu. Kuchepetsedwako sindinakupemphe, koma Iye amadziwa zimene timasowa tisanatsegule pakamwa.

Inu amene mumadutsa pa masitolo a amwenye popita ku msika wa Lilongwe, mwina munationapo masana, anthu anayi titazungulira makina a telala pakhonde. Ine ndimayeza nsalu m'sitolomo. Telalayo ndi a Jailosi. Enawo ndi a Mwale, kalaliki wa ku boma, ndi mayi a Nabanda, amene amagulitsa nyemba mumsika ndipo amayambitsa nyimbo kumpingo kwathu. Sitolo ikatsekedwa nthawi ya chakudya, ine ndimawerenga buku mokweza, anzangawo amamvetsera ndi kundidula mawu.

Buku limene takhala tikuwerenga anabwera nalo a Mwale kuchokera ku Blantyre, chikuto chitachoka kale. Ndi nkhani yopeka. Muli nkhalamba ina imene inali mlenje wotchuka, koma tsopano maso ayamba kuchita chidima. Boma likuitanitsa mfuti, ana ake akuti aipereke, iyo ikukana. Tinapangana kuti tiziwerenga chaputala chimodzi pa tsiku, wosuzumira kutsogolo pasakhale, ndipo bukulo lizigona m'kabokosi ka makina a a Jailosi.

Tsopano ndiulule tchimo langa.

Ndili ndi amalume cha ku Nathenje, a Kamzimbi. Ali ndi mfuti ya gogodela, ija yothira onga kukamwa n'kutsendera ndi sanza. Mwezi watha anaona nguluwe m'munda mwawo mwa mtedza, nalasa. Nguluweyo inali dengu la akazi awo, a Nangondo, limene anatula pa mzere. Eni dengulo anali chowerama poteropo, pamtunda woti mukhoza kupatsirana fodya. Dengulo ndinaliona ndi maso angawa. Likhoza kugwira ntchito ya sefa.

Ana awo, amene ali pa ntchito ku Halale, anandilembera kalata yaulemu kwambiri. Anati, "Achimwene, inu muli pafupi, kawauzeni bambo kuti mfutiyo aisiye." Kulemba kalata n'kokoma. Munthu umakhala wolimba mtima ukakhala kutali.

Nanga ine ndikayambira pati? Awa ndi amalume amene anandiimira pa ukwati wanga. Ndikanawauza bwanji kuti maso awo atha? Ndipamene ndinakumbukira mneneri uja amene anaopa kudzudzula mfumu mwachindunji, nayamba ndi kankhani ka mwana wa nkhosa. Ndinati, nanenso ndichita chomwecho. A Mwale anali atapita pa ulendo wa sabata yathunthu ndi bwana wawo, kuwerenga kunali kutaima, patatsala chaputala chimodzi chokha. Ndinatenga bukulo m'kabokosi osauza munthu. Ine ndinakutcha kubwereka, ngakhale Malembo ali ndi dzina lina. Loweruka ndinapalasa njinga, ndinakalisiya m'manja mwa amalume, ndikuti, "Muwerengeko, muli nkhani yokoma." Loweruka linzake ndinakalitenga. Anandipatsa atalikulunga bwino m'kansalu, nati, "Buku labwino, iwe. Pepala lake n'lofewa."

Ndinabwerera ndikuimba nyimbo njira yonse.

Lolemba tinakhala pakhonde. Ndinatsegula buku, ndinakonza kukhosi, ndinatembenuza tsamba. Kunalibe kanthu. Chaputala chotsiriza chonse chinali chitang'ambidwa, patangotsala timano ta pepala pa msoko.

"Makoswe," ndinatero ine. Tchimo limabala linzake.

"Makoswe a m'makina mwanga sang'amba mowongoka chonchi," anatero a Jailosi. "Komabe palibe kanthu. Mapeto ake ndikuwadziwa. Mkuluyo sanapereke mfuti. Atsamunda atiphatikiza m'chitaganya ndi maiko a kumwera osatifunsa, ndiye tiwapatsenso ndi gogodela yemwe? Wolemba ameneyu ndi mwamuna."

"Inu mumasoka mabatani, a Jailosi, malamulo muwasiyire ena," anayankha a Mwale. "Anapereka. Buku losindikizidwa silingathe ndi munthu wophwanya lamulo. Ine ndimaziona izi ku ofesi. Amabwera akulusa, amachoka atadinda chala."

"Nonsenu mwaphonya," anatero a Nabanda, akusankha nyemba m'lichero. "Mkazi wake anaiponya m'chitsime. Amuna mumakonda kukambirana zinthu zimene akazi anamaliza dzulo."

"Kodi m'bukumo mwatchulidwa chitsime, mayi?" anafunsa a Mwale.

"Chitsime chimasowa pamudzi?"

Anakangana mpaka mwini sitolo anatulutsa mutu pazenera, nafunsa ngati nkhalamba ya m'bukuyo ibwera kudzagula nsalu. Aliyense anachoka ali wotsimikiza. Palibe anawerenga mapetowo, koma onse anali okonzeka kulumbira.

Kodi si mmene tilili ife a m'tauni? Nkhani ya munthu timaimva theka, theka linalo timasoka tokha, monga mwa muyeso wathu. Wodana ndi boma amaona boma. Wa ku ofesi amaona fayilo. Ndipo ine, wodzitcha mneneri, ndinaona ulaliki.

Loweruka masana ndinapalasanso njinga. Ndinapeza amalume ali pansi pa mtengo wa mango, mfuti ili pamiyendo, akuipukuta ndi mafuta a nsatsi.

"Amalume, masamba a kumapeto kwa buku lija ali kuti?"

Anasisita mpope wa mfutiyo. "Ali muno. Ena anapita Lachitatu, pa anyani."

"Mwatsendera onga ndi buku la eni ake?"

"Sanza zinatha. Koma ndinachita mwaulemu, ndinang'amba kumbuyo. Ndinati mwini wake amayamba kuwerenga kutsogolo, kumbuyoko afika mochedwa."

"Ndiye simunaliwerenge?"

Anandiyang'ana, kapena ndinene kuti anayang'ana kumene kunkachokera mawu anga. "Iwe mwana wa mlongo wanga, sukulu yonse ija inapita kuti? Munthu walasa dengu akuliyesa nguluwe, iwe ukumupatsa tizilembo ngati nyerere?"

Abale, safunsa anadya phula. Ndinanyamula buku kukapatsa munthu amene vuto lake lonse ndi maso. Mneneri uja nkhani yake anakainena ndi pakamwa pake, ataima pamaso pa mfumu, khosi lili poyera. Ine ndinatuma pepala, n'kuthawa pa njinga.

"Ndikudziwa chimene unabweretsera," anapitiriza amalume. "Buku silibwera lokha mwezi wolasa dengu. Khala pansi undiwerengere, ndimve chimene unaopa kunena."

Ndinawerenga mpaka dzuwa linapendeka, ndikudumpha malo ena. A Nangondo anabwera ndi mtedza wawo, nakhala chapatali, akusenda. Amalume sanagwirizane ndi wolemba pa zambiri. Anati munthu ameneyo sanagwirepo mfuti, chifukwa palibe mlenje amene amayandikira nyama mphepo ili kumsana. Anatinso ana a m'bukumo amalankhula ngati mesenjala. Koma nditafika pamene nkhalambayo ikufunsa mwana wake kuti munda auyang'anira ndani, anandigwira dzanja.

"Bwereza pamenepo."

Ndinabwereza.

"Mwanayo wayankha chiyani?"

"Sanayankhe. Chaputala chathera pomwepo."

"Ndiye yankha iwe." Mawu awo anatsika. "Ukuganiza kuti sindinamve mmene dengu lija linalirira? Ndimalimva tsiku lililonse. Mayi awa ndakhala nawo chiyambire iwe usanabadwe. Koma nguluwe zikalowa m'munda muja katatu, chaka chino tidya chiyani? Ana ali ku Halale, iwe uli pa nsalu zako. Nonse mukuti siyani, siyani. Palibe amene wati, gwirani ichi."

A Nangondo anayankhula osadzutsa mutu. "Ine ndinati ndiiponya m'chitsime, koma madziwo timamwa tomwe."

Ndinakumbukira a Nabanda, ndipo ndinaopa akazi onse a dziko lino.

Musandimve molakwa. Mfuti m'manja mwa munthu amene maso ake achita chidima iyenera kuchoka, ndipo pa mawu amenewa sindibwerera. Ngakhale kholo lija la m'Malembo, maso atafooka, linanyengedwa ndi chikopa cha mbuzi, nanji amalume anga ndi dengu. Koma lamulo lija lolemekeza atate ndi amayi silikwaniritsidwa ndi kalata yochokera ku Halale. Timalanda akuluakulu khasu, njinga, mfuti, ngakhale mawu pabwalo, zonse m'dzina la chikondi. Manja awo timawasiya ali pululu, kenaka timadabwa kuti akukakamira. Kodi inu, atakulandani chinthu chomaliza chimene chimakuchititsani kukhala munthu pakhomo panu, mungathokoze?

Tinapangana chonchi. Ine ndizibwera Loweruka lililonse masana mpaka mtedza utakumbidwa. Ndikumba ngalande kuzungulira mbali ya kudambo, kumene nguluwe zimalowera, ndi kumanga mpanda wa minga. Ndikatha, ndiziwawerengera Mawu, chifukwa Buku lawo lalikulu lakhala chitsekere zaka ziwiri, ndipo ine, wodziwa mavesi, sindinafunsepo chifukwa chake. Iwo apereka mfuti, koma okha, ndi manja awo.

"Komatu siipita ku boma ili ndi mimba," anatero.

Tinapita pa chulu kuseri kwa nkhokwe. Ndinayamba ndaonetsetsa kuti a Nangondo ndi madengu awo onse ali kumbuyo kwathu. Ndinawalozetsa mpope pa chulupo, iwo anakoka. Nkhuku za mudzi wonse zinalalata. Utsi utachepa, tizidutswa ta pepala tinali kutsika pang'onopang'ono, tikunyeka m'mbali. Ndinathamangira kachidutswa kamodzi, koma kanasanduka phulusa m'zala zanga.

"Latha bwanji buku lako?" anafunsa amalume.

"Sindikudziwa."

"Latha bwino. Ndaliwombera ndekha."

Lolemba m'mawa anabwera pa basi atavala jekete lawo la ku nkhondo. Anakana kuti ndiwanyamulire mfutiyo. Anangolola kugwira phewa langa powoloka mlatho, ndipo anayenda chowongoka kotero kuti anthu anatipatukira. Ku ofesi anaiika okha patebulo, naisisita kamodzi ngati mwana wogona. Kalaliki wolandira anali a Mwale, amene anayang'ana mfuti, nayang'ana ine, nanunkhiza mpope umene unkanunkhabe pepala lopserera, ndipo ndinadziwa kuti nkhani ya makoswe yafera pomwepo.

Masana ake ndinaulula zonse pakhonde. A Jailosi anandikhululukira nditawalonjeza kuti sindidzakhudzanso kabokosi kawo. Koma musaganize kuti mkangano unatha. A Mwale akuti zachitikazi zatsimikiza kuti nkhalamba ya m'buku inapereka. A Jailosi akuti amalume anga ndi ena, wa m'buku ndi wina, ndipo ameneyo akanali nayo mfuti yake mpaka lero. A Nabanda sakuchoka pachitsime.

Ine ndasiya kuweruza. M'manja mwanga, mozolowera lumo ndi nsalu, mwatuluka matuza asanu ndi limodzi, ndipo ngalande sinafike ndi theka lomwe. Ngati alipo wina amene anawerenga bukuli mpaka kumapeto, asatiuze. Angobwera Loweruka ndi khasu.

Nanga inu, ndani kwanu amene mukumukambirana pakhonde, koma simunakhale naye pansi?

Ambuye akudalitseni, inu akuluakulu amene maso akuchita chidima, akuunikireni m'kati ndipo asakusiyeni manja ali pululu. Akudalitseni inunso ana awo, akupatseni pakamwa ponena zoona ndi msana wokumba ngalande. Asunge minda yanu, akazi anu ndi madengu awo, ndipo buku lililonse limene mwabwereka libwerere kwa mwini wake lathunthu. Amen.