Mbewu za Mayi Pyo Zinkasowa Tulo

Mayi Pyo Geum-rye anali munthu wosavomera kugonja, ngakhale atagwa chagada anthu akuona. M'mudzi mwawo, kuseri kwa fakitale yoyenga mafuta a galimoto mumzinda wa Yeosu, aliyense ankadana ndi moto umene unkalilima pamwamba pa chumuni chachitali, pomwe ankawotcherapo gasi wotsala. Iwo okha ndiwo ankautama.

"Dzuwa laulere ili," ankatero. "Mbava ingabe bwanji poyera chonchi? Inu mumangofuna chodandaula basi."

Chifukwa chenicheni aliyense ankachidziwa. Mwana wawo Yong-gil ankagwira ntchito ya mapaipi m'fakitalemo, ndipo mayi sanyoza mbale imene mwana wake akudyeramo.

Koma panali chinthu chimene chinkawadya mumtima. Tsiku limene ankapita ku banja, mayi awo anawapatsa kabotolo ka njere za deulkkae, msuweni wake wa chitowe, mbewu ya kumapiri a kwawo ku Gurye imene mafuta ake amanunkhira mpaka kumsewu. Chaka ndi chaka ankadzala kuseri kwa nyumba n'kusungako mbewu yatsopano. Chikulitsireni fakitale ija, moto n'kuyamba kuyaka osapuma, deulkkae anasintha khalidwe. Ankakula mpaka kupitirira munthu, masamba ngati zikhatho, koma duwa ng'o. Chisanu chinkamupeza akadali wobiriwira n'kumupsereza wopanda njere ndi imodzi yomwe. Chikomekome cha mkuyu chenicheni.

Choncho ankangotapa m'kabotolo kakale kaja, kamene ankakabisa m'firiji yosungiramo kimchi, ndiwo zamasamba zowawasa. Njere nazo zimakalamba ngati anthu, ndipo chaka chilichonse zomera zinkachepa. Mayi awo anamwalira kalekale, ndipo pamunda wa ku Gurye panadutsa msewu. Kabotoloko kakanatha, kunalibenso kokapempha.

Mnansi wawo, a Tak Man-bok, msodzi wopuma amene pakamwa pake sipankapuma, ankawauza ali chitsamire pampanda.

"Amake Yong-gil, mbewu zanuzi sizikugona. Deulkkae amachita maluwa usiku ukayamba kutalika. Nanga kuno usiku uliko? Dzuwa lanu laulere lija ndi limene likukudyerani mafuta."

"Msodzi aphunzitse ine kulima? Pitani mukalangize nsomba."

Anthu a m'mudzimo atanyamukana kukadandaula ku boma za mwaye wogwera pa zochapa, mawindo onjenjemera ndi ana otsokomola, Mayi Pyo anatsala akupalira. Nkhaniyo inazengereza monga zimachitira nkhani za boma, koma pamapeto pake lamulo linabwera: gasi wotsala azibwezedwa m'mapaipi, kuwotcha kukhale kwa pangozi pokha, ndipo mudzi uziuzidwa. Mayi Pyo anaonda ndi mantha poganiza kuti mwana wawo amuchotsa ntchito. M'malo mwake Yong-gil anasowa ndi nthawi yodyera yomwe, chifukwa mapaipi atsopanowo ankalumikiza ndi iyeyo ndi anzake.

Chaka chimenecho n'kuti atakhuthula kabotolo konse. Zinamera mbande zochepa, zosadzaza ndi mzere umodzi womwe.

Moto unazima pakati pa nyengo yotentha. Madzulo oyamba, pochokera kocheza ndi agogo anzawo, Mayi Pyo analowa mwendo m'ngalande imene ankaidumpha zaka zonsezi, phazi n'kubinya. Anatukwana boma sabata yathunthu, a Tak nawo n'kulandirako gawo lawo.

"Mwasangalala? Mdima wanu uja ndi uwu, wandithyola mwendo!"

"Tochi amagulitsa pasitolo, mayi. Kapena mukudikira yaulere?"

Chikondwerero cha zokolola cha Chuseok chikuyandikira, anatuluka m'mawa wina ndi ndodo, akutsimphina, kuti akathyole masamba oti anyike mu msuzi wa soya. N'zokhazo zimene ankayembekezera kwa mbewuyo tsopano. Asanafike pamzere anamva kulira kwa njuchi. Anaima. Kunsonga kwa tsinde lililonse kunali ngala zatimaluwa toyera, ting'onoting'ono ngati mpunga wosweka, timene anali atatsala pang'ono kuiwala maonekedwe ake.

Anakhala pansi padothi pomwepo, ndodo n'kugwera uko. Mtolo umene anausenza osauza munthu unatsika wokha, ndipo analira mosabisa, ngati kamtsikana kamene kanatsika kuchokera ku Gurye katafumbata kabotolo.

A Tak anasuzumira pampanda. "Mukulira chiyani m'mawa uno? Phazi lija?"

"Ee, phazi."

Mkuluyo anayang'ana maluwawo, n'kuyang'ana chumuni chozizira chija, kukamwa kukuyamba kutseguka.

"Mukangonena mawu amodzi," anatero Mayi Pyo akupukuta misozi ndi mkono wa malaya, "mafuta anga simudzawalawa mpaka kufa."

A Tak anameza mawu awo. Pamoyo wawo wonse palibe chimene chinawavuta kumeza ngati chimenecho.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa litangolowa, a Tak anayatsa getsi la pakhonde kuti asoke ukonde wa mdzukulu wawo. Kuwala kwake kunadumpha mpanda n'kugwera pamzere uja. Sipanapite nthawi, geti lawo linagogodedwa ndi ndodo ngati kwabwera apolisi.

"A Tak! Zimitsani chimenecho msanga. Mbewu za amayi anga zikugona."