Nyenyezi yovala nkhata

Ine sindilankhula zambiri. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale. Koma bodza sindinena, ndipo kwathu ku Kauma anthu amadziwa zimenezo. Ndiye mlamu wanga atanditcha wabodza pagulu, zinandiwawa.

Ndimasamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina ku Area 43. Abwana ndi a kumpoto, amagwira ntchito ya boma ku City Centre, ndi mkulu wa mpingo. Mowa samwa, mpira saonera. Matenda awo ndi nyenyezi. Anagula chipangizo chonga paipi yonenepa, cha miyendo itatu, choonera kumwamba. Kumbuyo kwake amamangirirako kamera.

Tsiku lina m'chilimwe ndinachedwa kuweruka, madzi othirira anabwera madzulo. Kutangoyamba kuda, magetsi anazima. Abwana anakondwa. Mu Lilongwe yense ndi okhawo amene amakondwa magetsi akazima.

"Bambo, tabwerani muone," anandiitana.

Ndinapukuta manja, ndinaika diso. Ndinaona kanthu kachikasu, kozungulira, katavala nkhata m'chiuno. Pambali pake timadontho towala. Abwana anati si nyenyezi kwenikweni koma dziko lina, ndipo timadonthoto ndi miyezi yake. Dzina anatchula. Ndinaliiwala ndisanafike pageti.

Mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, amagulitsa zitsulo zakale ku Old Town. Loweruka masana timasewera bawo kuseri kwa benchi lake, anthu atazungulira. Ndinawauza zimene ndinaona.

"Nkhata?" anafunsa mlamu.

"Nkhata."

"Imapita kukatunga madzi, nyenyeziyo?"

Anthu anaseka.

"Alamu, mwakula bwinobwino zaka zonsezi, bodza mukaliyambe ndi imvi? Mlongo wanga akudziwa?"

Lolemba ndinapempha abwana chithunzi. Anavomera. Vuto linali foni yanga, ndi ya mabatani. Ndiye abwana anatumizira adona. Adona anatumizira mayi wophika. Mayi wophika anatumizira mkazi wanga. Foni ya mkazi wanga inadzaza ndi nyimbo za kwaya, ndiye iye anachijambulanso pagalasi la foniyo n'kufufuta choyambacho. Anati ndi chimodzimodzi.

Loweruka ndinatenga foni yake, ulendo kwa bambo wina wotsuka zithunzi ku Old Town.

"Saizi yanji, madala?"

"Yaikulu. Mlamu wanga maso amamuvuta."

Ndinadikira panja. Atatuluka anandipatsa envulopu.

"Ndachitambasula mpaka chadzaza pepala. Panali timadontho pambali, ndatichotsa mwaulere. Timatero ndi ziphuphu za akwati."

Ndinamuthokoza. Envulopu sindinatsegule. Ndinkafuna mlamu aitsegule yekha, pagulu.

Anaitsegula. Anatembenuza pepala uku, anatembenuza uko. Ine ndinasuzumira. Mabokosi okhaokha ngati njerwa. Pakati chinthu choyera, chamatope. Nkhata panalibe. Miyezi panalibe.

"Dzira," anatero mlamu. "Dzira lasweka pakhoma. Alamu, nkhuku yake ili kumwamba komweko?"

Anatenga msomali, anakhomera pepala lija pamwamba pa benchi. Aliyense wobwera kudzagula chitsulo ankayamba waonetsedwa. Tsiku limenelo bawo ndinaluza. Ngakhale mayi wogulitsa nthochi pafupi anandifunsa mtengo wa mazira akumwamba.

Lolemba ndinaonetsa abwana foni ya mkazi wanga, ndinafotokoza zonse. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandilowetsa m'nyumba, anatsegula kompyuta. Nyenyezi ija inali pomwepo, nkhata yake bwinobwino, mpaka kamzere kakuda pakati pa nkhatayo.

"Chithunzi ichi n'cholemera, bambo," anatero. "Foni ikamatumiza imachifinya kuti chipepuke. Imataya tinthu ting'onoting'ono, poganiza kuti diso silizindikira. Pachithunzi cha ukwati palibe vuto, nkhope ndi yaikulu. Koma kumwamba zonse ndi ting'onoting'ono. Chadutsa m'mafoni angati?"

Ndinawerenga zala.

"Ndiye aliyense anatayako pang'ono. Wotsukayo pochitambasula sanabweze kanthu. Anangokulitsa zotsala."

Ndinamva. Ndi mfutso. Masamba ukawayanika, uwaviike m'madzi tsiku lonse, afufuma, koma sabwereranso kukhala a m'dimba. Ndinawauza choncho. Anati, "Eya, ndi mfutso ndithu."

Anandipatsa kafulashi, kanthu kofanana ndi chala cha mwana. Anati chithunzi chili m'menemo chathunthu, chosafinyidwa. Ndinakamanga m'kansalu, ndinakaika m'thumba la mkati.

Ulendo uno sindinadikire panja. Ndinaima kumbuyo kwa wotsuka uja ngati wapolisi.

"Tichikulitse, madala?"

"Ayi."

"Nanga kadontho aka..."

"Kasiyeni. Ndi mwezi wa eni ake."

Chinatuluka chaching'ono ngati chikhatho. Koma zonse zinalimo. Ndinachiyang'ana kaye ndisanachiike mu envulopu.

Mlamu anavala magalasi ake omangidwa ndi waya. Anayang'ana nthawi yaitali. Anakanda nkhata ija ndi chikhadabo kuti aone ngati ndajambula ndi pensulo. Anthu anapatsirana, manja opukuta pathalauza. Mayi wa nthochi anasiya nthochi zake.

"Nkhata ilipo," anatero mlamu. "Koma mtolo wake uli kuti? Nyenyezi yaulesi."

"Nenani zija," ndinatero.

"Ziti?"

"Mukudziwa."

Anakanda m'mutu, anayang'ana anthu.

"Chabwino. Alamu angawa sananame. Tsiku limenelo lokha. Masiku enawo sindikudziwa."

Zinandikwanira. Anazula dzira lija, anakhomera chatsopano pamsomali womwewo. Ndinati chithunzi ndi changa. Anati benchi ndi lake.

Chikadali pomwepo, chapsa pang'ono ndi dzuwa. Masiku ano wogula akafunsa, mlamu amafotokoza yekha. Amati anaiona ndi maso ake, panyumba pa mnzake wina wa boma ku Area 43, magetsi atazima. Amafotokozanso za foni, momwe imafinyira zithunzi, ndi za mfutso. Ku Area 43 sanapondeko.

Ine ndimangomudya pa bawo.